A Khoromana ndi Nyali Yofiira ya ku Likangala

Munthu akakwera kabaza mu Zomba n'kunena kuti akupita ku Likangala, pa nyali yofiira, woyendetsa safunsanso zambiri. Nyaliyo ili pansonga pa mtengo wa bulugamu wozikidwa kuseri kwa nyumba ya mayi Perpetua Khoromana. Anaiika ndi amuna awo, a Wilson Khoromana, pofuna kuchenjeza ndege kuti zisagunde denga. Nyumbayo ndi yapansi, ya zipinda zitatu, ndipo mtengo wa mango wa anansi awo umaiposa kutalika. Komabe ndiyenera kunena mwachilungamo kuti chiikireni nyaliyo, palibe ndege imene inagunda nyumbayo.

Ndafuna kulemba za bambo ameneyu chifukwa mu Disembala wapitayu anatsala pang'ono kuchotsedwa pakhomopo, atakhalapo zaka zoposa makumi anayi. Zovala zawo zinali zitalongedzedwa kale m'thumba, thumbalo litaikidwa pakhonde. Nkhaniyi yakambidwa mosiyanasiyana pamsika, ena akumaithira mchere. Ine ndine mnansi wawo, ndipo ndinaitanidwa kukakhala nawo pa zokambirana, choncho ndaona kuti ndi bwino kuiyala monga inayendera. Eni ake onse awiri andilola.

A Khoromana anabadwira pa Phiri la Zomba, m'nyumba za antchito a zankhalango. Makolo awo anachokera ku Mozambique, n'kukhalako pang'ono ku Phalombe, kenaka bambo awo anapeza ntchito yocheka matabwa a paini kumtunda kwa Mulunguzi. Mwana wawoyo sanakonde sowo. Atamaliza sukulu anaphunzira za magetsi, nayamba ndi kukonza masoketi m'maofesi a boma m'tauni muno. Patapita nthawi anapeza malo ku Chileka, pa kampani ina yokonza ndege, ndipo kumeneko ndi kumene anagwira mpaka kupuma.

Za ntchito yawo amazifotokoza kwa aliyense amene wakhala pansi pafupi nawo, ngakhale sanafunse. Amayamba ndi mawu akuti m'mwamba mulibe mapolo a magetsi, ndiponso mulibe mnansi woti ungakokeko waya. Ndege imadzipangira yokha magetsi ndi majenereta omangiriridwa ku mainjini ake, ndipo imanyamula batire losungira tsiku loipa. Jenereta imodzi ikafa, magetsi otsalawo sakwanira zonse. N'chifukwa chake chilichonse chodya magetsi m'ndege chimaikidwiratu m'gulu lake ndegeyo idakali pansi. M'gulu loyamba muli zimene woyendetsa sangachite popanda izo, monga wailesi yolankhulira ndi apansi, zida zoonetsa njira, ndi nyali zochenjeza ndege zina. M'gulu lachiwiri muli nyali za m'kati ndi zina zothandiza. M'gulu lachitatu muli uvuni wotenthetsera chakudya, ketulo, firiji ndi makanema. Zinthu zikavuta, gulu lachitatu limazima loyamba, ndipo palibe amene amapepesa.

"Munthu safa ndi tiyi wozizira," amatero a Khoromana.

Amanenanso kuti pamwamba pa mutu wa kaputeni pali maswichi, kuti ngati iye waona mwina, athe kuyatsa chimene dongosolo lazimitsa kapena kuzimitsa chimene layatsa. Wamagetsi amalumikiza mawaya, koma mwini ulendo ndi kaputeni. Mfundo imeneyi ankaiphunzitsa ana awo adakali aang'ono, ndipo ndikupempha owerenga aisunge.

Pa zaka zonse zimene anagwira ku Chileka, anakwera ndege ulendo umodzi wokha, wopita ku Lilongwe ndi kubwerako. Atafika kunyumba anthu anawafunsa mmene dziko limaonekera kuchokera kumwamba. Anayankha kuti sanaone, chifukwa ulendo wonse ankayang'ana nyali ya kudenga ngati ikuphethira. Siinaphethire, ndipo iwo amati unali ulendo wabwino kwambiri.

A Khoromana anakwatira mayi Perpetua akadali wokonza masoketi. Monga mwa mwambo wa kwathu kuno, mwamuna ndiye anapita kwa mkazi, choncho nyumba anaimanga pa malo a apongozi awo ku Likangala. Bambowo ankakhala m'kachipinda ka lendi ku Lunzu, kufupi ndi Chileka, namabwera kumapeto a mwezi. Ana anayi analeredwa ndi mayi, munda unalimidwa ndi mayi, ndipo denga likadontha wokwera pamwamba ankamufuna ndi mayi. Banjali linayenda bwino kwambiri mpaka pamene bambo anapuma pa ntchito n'kubwera kudzakhaliratu.

Chinthu choyamba chimene anachita atabwera ndi kugula masola, batire lalikulu ndi makina ake, popeza magetsi amazimazima. Ili linali ganizo labwino ndipo mayi anayamika. Chachiwiri, anakhoma bokosi lachitsulo pafupi ndi chitseko cha pabalaza, nalipaka penti yotuwa. M'bokosimo anagawa magetsi a m'nyumba m'magulu atatu, ndipo analipanga kuti batire likamatsika lizidula lokha, kuyambira gulu lachitatu. M'gulu loyamba anaikamo nyali yofiira ija, imene inkayaka usana ndi usiku, pamodzi ndi wailesi yawo yomvera oyendetsa ndege akamalankhula ndi apansi. Ndege zodutsa pa Zomba si zambiri, kotero wailesiyo nthawi zambiri imangoti phwiii, koma iwo amati phokoso limenelo ndi umboni wakuti m'mwamba muli mtendere. M'gulu lachiwiri anaikamo nyali za m'nyumba ndi potchajira mafoni. M'gulu lachitatu anaikamo ketulo, ayironi, makina osokera a mayi ndi firiji ya mayi. Atatha anakhoma loko pabokosipo, kiyi n'kuika m'thumba la buluku.

Mayi Perpetua amasoka mayunifolomu a ana a sukulu, ndiponso amapanga mafilizi a magalagadeya ndi sitiroberi zimene amagula kwa ogulitsa zipatso mumsewu wa kuphiri. Choncho ntchito zawo zonse ziwiri zinali m'gulu lachitatu. Mpanda wa pakati pathu ndi waudzu, ndipo kawirikawiri ndinkamva zokambirana zotere:

"Bambo a Clara, firiji yazima."

"Siinazime, mayi a Clara. Yachotsedwa pa mzere."

"Kusiyana kwake n'kotani?"

"Kuzima ndi ngozi. Kuchotsedwa pa mzere ndi dongosolo."

"Dongosolo lanulo likuchucha pansi. Tengani chikolopa."

Chikolopacho ankatengadi, n'kukolopa bwinobwino, chifukwa si munthu waulesi kapena wamwano. Koma kiyi sankatuluka m'thumba.

Zinafika pachimake pa chinkhoswe cha Mwaiwathu, mwana wa mng'ono wawo wa mayi Perpetua, amene ankatomeredwa ndi mnyamata wa ku Mbedza. Popeza firiji yaikulu pa mbumba yonse inali yawo, amayi anasonkhana, napha nkhuku zambiri ndi mbuzi imodzi, nazikonza n'kuzisunga m'menemo. Tsiku lotsatira kunabwera uthenga wa maliro a azakhali awo a bambo ku Phalombe, ndipo onse awiri anatseka nyumba n'kupita. Ali komweko kunagwa mvumbi. Mitengo inagwera mawaya ndipo magetsi anazima dera lonse. Phiri linabisala m'mitambo masiku angapo, dzuwa silinatuluke, masola sanadye kanthu. Batire linayamba kutsika, ndipo bokosi lotuwa linachita ndendende zimene linaphunzitsidwa.

Anabwerako Lachinayi masana, chinkhoswe chili Loweruka. Fungo linakawalandira kumsewu. Pakhomo panali agalu a m'dera lonse atakhala mwaulemu ngati anthu odikira minibasi. Pamwamba pawo, dzuwa lili pamutu kuseri kwa mitambo, nyali yofiira inali ikuyaka bwinobwino.

Mayi anatsegula firiji, n'kuitsekanso. A Khoromana anatulutsa kiyi, natsegula bokosi, nayeza batire ndi mita yawo, kenaka anagwedeza mutu mokhutira.

"Zayenda monga mwa dongosolo," anatero.

Amene amati bambowa anathamangitsidwa chifukwa cha nkhuku sakudziwa bwino nkhaniyi. Anathamangitsidwa chifukwa cha mawu amenewa. Madzulo a tsiku lomwelo zovala zawo zinalowa m'thumba.

Chinkhoswe chinachitika ndithu. Anansi tinasonkha nkhuku zochepa, ndipo zotsalazo anakwaniritsa ndi nyama ya soya. Mlendo wina wa kuchimuna, mayi wachikulire wa ku Mbedza, anavundula m'mbale yake n'kunena mokweza kuti wadabwa kuona kuti nkhuku za ku Likangala zilibe mafupa. Mayi Perpetua anamva. Masiku amenewo a Khoromana ankagona kwa ine.

Lamulungu masana, titaweruka ku tchalitchi, ankhoswe anakhala pansi pakhonde. Kuchikazi kunali a Macdonald, mchimwene wawo wa mayi Perpetua, amene ndi mwini mbumba. Kuchimuna kunali a Philip, msuweni wawo wa a Khoromana. Thumba lija linali pakati pathu, litamangidwa ndi chingwe cha magetsi, chifukwa m'nyumba imeneyo chingwe china mulibe.

A Macdonald anayamba ndi kufunsa mlongo wawo chimene akufuna.

"Apite kwawo," anatero mayi Perpetua. "Ndatopa kukhala m'gulu lachitatu."

"Alamu, mwamva," anatero a Macdonald. "Kwanu ndi kuti kodi? Kuphiri kuja nyumba zake zinagwa kale. Kapena tikusiyeni ku Chileka, mwina ndege ikutolani?"

A Philip anapempha kuti pasakhale zoseka. Anakumbutsa bwalo kuti munthuyu samwa, samenya, sayendayenda, ndipo chipumireni pa ntchito sanagonepo kunja kupatula pa maliro.

"Akanakhala kuti amamwa, bwenzi ndikudziwa kokawatenga," anayankha mayi. "Awa amakhala pakhomo pompano koma ali m'mwamba. Ine ndikwere chiyani kuti ndikawapeze?"

A Khoromana atapatsidwa mpata anaimirira, namanga batani la jekete, nafotokoza za majenereta, za batire ndi za magulu atatu. Anapepesa chifukwa cha nkhuku ndi mbuzi, ndipo ndikukhulupirira kuti kupepesako kunali kochokera pansi pa mtima. Koma anati bokosi silinalakwe, popeza palibe ndege pa dziko lapansi imene imazimitsa nyali yochenjeza pofuna kusunga firiji.

"Alamu," anatero a Macdonald, "tambala salira kwa eni. Inu mwalira mpaka nkhuku zonse zaola."

Zinaonekeratu kuti nkhani ikupita kumene kuli thumba. Pamenepo a Khoromana anachita chinthu chosayembekezeka: anaitana mboni. Mwana wawo woyamba, Clara, anali atabwera ku chinkhoswe ndipo nthawiyo ankatikonzera tiyi pa mbaula. Iye anatengera bambo ake. Amagwira ntchito yosamala mabatire a tindege ting'onoting'ono topanda woyendetsa m'kati, touluka ndi magetsi okhaokha, timene timanyamula mankhwala kupita ku zipatala zakutali ndi ku chilumba cha Chisi pa nyanja ya Chilwa. Mwa mwambo, mwana salowerera mlandu wa makolo ake, ndipo a Macdonald anakumbutsa zimenezo. Koma a Khoromana anati sakumuitana ngati mwana, akumuitana ngati munthu wa ntchito. Bwalo linalola.

Clara anagwada pambali pa mayi ake. Bambo ake anamupatsa kiyi, ndipo iye anapita kukayang'ana m'bokosi, n'kubwerera.

"Mawaya ali bwino, ababa. Ntchito yake ndi yaukhondo. Kwathu kuntchito kulibe amene amalumikiza chonchi."

A Khoromana anayang'ana a Macdonald, kenaka ine.

"Koma magulu anuwa ndi a ndege zakale," anapitiriza Clara.

"Ndege ndi ndege, mwanawe."

"Ayi ababa, pepani. Zanu zija magetsi anali a nyali, wailesi ndi zida za woyendetsa basi. Zatsopanozi mabuleki ndi a magetsi, kusungunula madzi oundana pamapiko ndi magetsi, mpweya umene anthu amapuma m'kati umapopedwa ndi magetsi. Zathuzi ngakhale zopalasira zimene ndi za magetsi. Odya achuluka, mphika ndi womwewo. Ndiye magulu sakhala amodzimodzi ulendo wonse. Ponyamuka kompyuta imazimitsa zina kuti mphamvu ipite kofunika, ikafika pamwamba imaziyatsanso."

"Zimenezo ndinawerenga," anatero bambo ake. "Koma firiji ndi firiji. Gulu lachitatu."

"Kwa ife firiji ili m'gulu loyamba."

A Khoromana anakhala pansi.

"Kabokosi koziziritsa katemera sitikazimitsa, ababa. Batire likachepa timayamba ndi zina. Ndege yofika ku Chisi ndi katemera wakufa ndiye kuti yangopita kukaona nyanja. Timayamba tafunsa kuti ulendowu ndi wa chiyani."

"Nyumba ino ulendo wake unali wa nkhuku," anatero a Macdonald.

"Atsibweni, dikirani," anatero Clara. Kenaka anakweza loko uja, amene anali adakali m'manja mwake. "Ababa, ndifunse chimodzi. Ku Chileka munaonapo wamagetsi atakhoma loko pa maswichi a kaputeni, kiyi n'kuika m'thumba mwake, ndege n'kunyamuka?"

"Sizingatheke. Ameneyo angamangidwe tsiku lomwelo."

"Chifukwa chiyani?"

"Ndinakuphunzitsa ndekha. Wamagetsi amalumikiza. Mwini ulendo ndi kaputeni."

"Nanga kaputeni wa pano ndani?"

A Khoromana anayang'ana bwalo la nyumba, nkhokwe, manda a apongozi awo amene amaonekera chapatali kuseri kwa nthochi, ndi thumba lija. Ndi munthu amene sanama pa nkhani ya ntchito, ndipo nkhaniyi tsopano inali ya ntchito.

"Malo ano ndi a mayi ako," anatero. "Ine ndinabwera ndi sutukesi."

Anatenga kiyi kwa Clara, naimirira, napita pamene panakhala akazi awo, nawerama, napereka ndi manja awiri.

Mayi Perpetua sanalandire.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikukuuzani zomwezi m'Chinyanja," anatero. "Lero mwamva chifukwa zanenedwa m'chindege. Kiyi yekha ndichite naye chiyani? Sinthani mawaya. Lero lomwe, ankhoswe akuona."

Lamulungu sagwira ntchito, koma a Philip, amene ndi mkulu wa mpingo, anagamula kuti iyi ndi ng'ombe yogwera m'dzenje. A Khoromana anavula jekete, natenga sikuludiraiva, naima pa bokosi. Mayi anakokera mpando pafupi.

"Firiji, gulu loyamba."

"Firiji, gulu loyamba," anabwereza bambo, monga amachitira anthu a ndege polandira lamulo. Atasuntha wayayo anayeza ndi mita, nanena kuti ayenera kudziwitsa a kaputeni kuti batire silingathe kunyamula firiji pamodzi ndi wailesi ndi nyali. Zina ziyenera kutsika.

"Zitsike. Makina osokera, gulu lachiwiri, pamodzi ndi nyali za m'nyumba. Wailesi yanu yolira ngati mbaula yothiridwa madziyo, gulu lachitatu. Ikakhale ndi ayironi."

"Wailesi, gulu lachitatu."

Panatsala waya umodzi, wofiira. A Khoromana anaugwira. A Macdonald ananena kuti mtengo wa bulugamuwo ungakhale nkhuni zabwino.

"Achimwene, mtengowo si wanu," anatero mayi. Anaganiza pang'ono. "Nyaliyo ikhale gulu lachiwiri. Koma iziyaka dzuwa likalowa, osati masana ngati yamisala. Ikachoka, anthu obweretsa nsalu adzauza akabaza kuti akupita kuti?"

"Nyali, gulu lachiwiri," anatero a Khoromana, ndipo anapukuta magalasi awo nthawi yaitali kuposa mmene ankafunikira.

Atatseka bokosi, mayi analandira kiyi, namumanga pa ngodya ya chitenje. A Philip anafunsa mwaulemu ngati tsopano thumba lingalowe m'nyumba.

"Munthu alowe," anatero mayi. "Thumba likhale pomwepo mpaka mvumbi wina. Ndione kaye."

Thumbalo analiika kuseri kwa chitseko cha pabalaza, pansi pa bokosi lotuwa, ndipo a Khoromana ankatengamo malaya m'mawa uliwonse n'kulimanganso. Sanadandaule. Anandiuza kuti ndege ikakonzedwa chinthu chachikulu siinyamula anthu isanayesedwe, ndipo iwo sakuona chifukwa choti iwowo akhale osiyana.

Mvumbi wina unagwa mu Febuluwale. Magetsi anazima, phiri linabisalanso, batire linayamba kutsika. Tsiku loyamba wailesi inati zii. Ndinawapeza bambowo atakhala patsogolo pake, manja ali pamaondo, ndipo anandiuza kuti ngati kuli ndege imene ikudutsa, iwo sakudziwa. Kenaka nyali za m'nyumba zinazima, ndi yofiira yomwe, ndipo wakabaza wina anakatsitsa mlendo wawo pa chigayo. Kiyi anali pa chitenje cha mayi, chitenjecho chili poyanika pakhonde pamene aliyense akanatha kuchifikira. A Khoromana sanachikhudze. Dzuwa litatuluka, mayi anatsegula firiji, natenga filizi imodzi, naigogoda pa tebulo. Inalira ngati mwala.

Tsiku lomwelo masana mayi anamasula thumba, nabweza zovala m'kabati, nasita malaya onse ndi ayironi ya makala. A Khoromana amati kumeneko kunali kuvomerezedwa kuti ndege iuluke. Mayi Perpetua amati thumbalo ankalifuna poika chimanga.